N'chifukwa chiyani lilime limatiulula? Fiziki ya katchulidwe ka mawu

Sabata yatha mu Fomu 3 tinali pa mutu wa kuwala. Ndinajambula galasi pa bolodi, n'kukoka mzere wobwera kudzagunda galasilo, kenako ndinafunsa kuti mzere umenewu timautcha chiyani. Mnyamata wina wokhala kumbuyo anakweza mkono n'kuyankha mokweza kuti: "Lay of right!" Kalasi yonse inafa ndi phwete. Yankho lake linali lolondola, amatanthauza ray of light, koma chiyambire tsiku limenelo sanakwezenso mkono. Lachinayi ndinamufunsa funso lophweka, ndikudziwa bwinobwino kuti yankho ali nalo, iye anangozyolika.

Ine sindinaseke nawo, chifukwa zimenezi zinandichitikirapo, komanso kutali ndi kwathu. Lero ndikufuna tione kuti katchulidwe ka mawu, kamene pa Chingerezi amati accent, kamachokera kuti. Muona kuti nkhani yake ndi ya mafunde, frequency ndi resonance, zomwe zija mumaziona ngati za mayeso okha. Ambiri mwa inu muli ndi achimwene, amalume kapena atsibweni ku Joni, ndipo ena mukuwerengera masiku kuti mukangolemba MSCE mukwere basi. Ndiye nkhaniyi ndi yanu.

Makwerero aatali

Nditamaliza digiri yanga ya uphunzitsi mu 2014, ntchito inachedwa kutuluka. Achimwene anga anandiitana ku Johannesburg kuti ndikagwireko maganyu podikira. Ndinadzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndipo ndinapeza ntchito m'sitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Ndinkadzidalira pa Chingerezi. Ndinali nditalemba mayeso onse a ku koleji m'Chingerezi, ndiye ndinkati vuto lingachokere kuti?

Tsiku lina galimoto inabweretsa makwerero aatali amene bwana anaitanitsa. Ndinalowa mu ofesi n'kuwauza kuti abweretsa long ladder. Bwana anadzuka ali wolusa, n'kuimbira foni kumene anagula katunduyo, kuwakalipira kuti atumiza zolakwika. Iwo anamva wrong ladder. Zitadziwika, sitolo yonse inaseka, ndipo kuyambira pamenepo dzina langa linasanduka Wrong Ladder. Poyamba ndinkaseka nawo, koma pang'onopang'ono ndinayamba kusankha mawu ndisanalankhule, kuzemba aliwonse okhala ndi l kapena r. Kasitomala akafunsa chinthu ndinkangoloza ndi chala. Foni ya m'sitolo ikalira ndinkapeza chochita kuseri. Munthu wa digiri, koma kuopa foni!

Chimene chinkandipweteka n'chakuti ine m'khutu mwanga long ndi wrong ndinkazitchula mosiyana. Anzangawo ankamva chimodzimodzi. Ndani ankanama? Palibe. Tiyeni tione chifukwa chake.

Liwu limayambira pakhosi

Gwirani pakhosi panu ndi zala ziwiri, munene kuti "aaaa". Mukumva kunjenjemera, eti? Tsopano nenani "ssss". Kunjenjemera kuja kwasowa.

M'kholingo mwanu muli timinofu tiwiri toyang'anizana. Mpweya wochokera m'mapapo ukamadutsa pakati pake, timatseguka n'kutsekeka mofulumira kwambiri, ndipo mpweyawo umatuluka moduladula. Kuchuluka kwa maulendo amene timinofuti timatseguka n'kutsekeka pa sekondi imodzi ndiye frequency ya liwu lanu, ndipo timaiyeza mu hertz, mwachidule Hz. Mwa bambo wamkulu imakhala pafupifupi 120 Hz, mwa mayi pafupifupi 210 Hz, ndipo mwa mwana wamng'ono imafika cha m'ma 300 Hz. Anyamata a Fomu 1 amene mawu akuyamba kukula, chikuchitika n'chakuti timinofu tija tikutalika ndi kunenepa, ndiye tikunjenjemera mochedwerapo. N'chimodzimodzi ndi nsambo ya gitala: yaikulu imalira besi.

Koma phokoso lochokera pakhosi palokha si "a" kapena "i". Ndi kulira chabe ngati kwa njuchi, kokhala ndi ma frequency ambiri osanjikizana: 120, 240, 360, 480, kumangokwera choncho. Chimene chimasandutsa kulirako kukhala mawu ndi njira imene phokosolo limadutsa, kuchokera pakholingo kudzera kukhosi ndi m'kamwa mpaka pamilomo. Katswiri wina wa ku Sweden, Gunnar Fant, anafotokoza bwino zimenezi ndi masamu mu 1960. Iye anagawa kulankhula pawiri: gwero la phokoso, ndi sefa imene imalola ma frequency ena kudutsa mwamphamvu n'kufooketsa ena.

Mukufuna umboni? Nong'onezani "i, e, a, o, u". Ponong'oneza timinofu tija sitinjenjemera, koma mnzanu akumvabe kuti iyi ndi "i", iyi ndi "u". Ndiye kuti lembo la liwu limapangidwa ndi maonekedwe a m'kamwa, osati pakhosi.

Paipi ya masentimita 17

Apa ndiye pali masamu okoma. Njira ya mawu ya bambo wamkulu ndi yaitali pafupifupi masentimita 17. Kumunsi, pakholingo, tingaitenge ngati yotseka. Kumwamba, pamilomo, ndi yotsegula. Imeneyi ndi paipi yotseka mbali imodzi, yomwe ija timajambula pa mutu wa sound.

Mu paipi yotere, funde lalitali kwambiri limene lingachite resonance limakhala ndi wavelength yotalika kanayi kuposa paipiyo. Ndiye 4 × 0.17 m = 0.68 m. Liwiro la phokoso mumpweya ndi pafupifupi 340 m/s. Pogwiritsa ntchito v = fλ, tipeza f = 340 ÷ 0.68 = 500 Hz. Paipi yotseka mbali imodzi imachitanso resonance pa frequency imeneyi kuchulukitsa ndi 3, ndi 5, ndi manambala ena osagawika ndi 2. Choncho tili ndi 500 Hz, 1500 Hz ndi 2500 Hz.

Ma resonance amenewa amatchedwa ma formant, ndipo timawapatsa mayina akuti F1, F2 ndi F3. Manambala tapezawa ndi a paipi yowongoka, lilime litangogona phee. Mukasuntha lilime, nsagwada kapena milomo, paipi ija imaphwanyika malo ena n'kufufuma malo ena, ndipo ma formant amasuntha. Mwachidule, mukayasamula kwambiri F1 imakwera. Lilime likapita kutsogolo F2 imakwera, likabwerera kumbuyo n'kuzungulitsa milomo F2 imatsika. Bwerezani kunong'oneza kuja, "i, e, a, o, u", mumvetsere bwino. Mumva ngati kamluzu kakutsika kuchokera pamwamba. Imeneyo ndi F2.

Ubongo wanu sumawerenga manambalawa, koma ndi amene umagwiritsa ntchito pozindikira liwu lililonse. Katchulidwe ka munthu, tikakaona mwa fiziki, ndi malo amene anazolowera kuika ma formant ake, utali wa nthawi imene amakhala pa liwu lililonse, ndi mmene amakwezera kapena kutsitsa frequency ya pakhosi.

Madengu asanu, nsomba makumi awiri

Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu, ndipo lililonse limamveka mwa njira imodzi: a, e, i, o, u. Chingerezi chimalembanso ndi malembo asanu omwewo, koma pochilankhula, cha ku England chili ndi maliwu otere pafupifupi 20. Taganizani muli padoko, mwapatsidwa mitundu 20 ya nsomba koma madengu alipo asanu okha. Chambo ndi kambuzi zigwera dengu limodzi basi.

Mu 1952, Gordon Peterson ndi Harold Barney a ku Bell Laboratories ku America anajambula mawu a anthu 76, amuna, akazi ndi ana, n'kuyeza ma formant awo. Kwa amuna, liwu la pakati pa mawu ngati sheep linali ndi F1 pafupifupi 270 Hz ndi F2 pafupifupi 2290 Hz. Liwu la pakati pa mawu ngati ship linali ndi F1 ya 390 Hz ndi F2 ya 1990 Hz. Kusiyana kulipo, makina amakuona, mwana wa ku America amakumva. Koma kwa ife zonse ziwiri zimagwera m'dengu la "i", ndiye nkhosa ndi sitima zimamveka chimodzimodzi. N'chifukwa chakenso hat, hut, heart ndi hurt ambiri timazitchula mofanana kapena moyandikana kwambiri.

Pali chinanso. Phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu pafupifupi nthawi zonse: nya-nja, u-si-pa, Ma-lo-mbe. Chingerezi chimaunjika malembo opanda liwu atatu kapena anayi pamodzi, n'kutheranso pomwepo. Lilime lathu likakumana ndi mulu wotere limaponyapo timaliwu kuti lipeze popondera. Umu ndi mmene tinapezera sukulu, sitolo, supuni, buledi ndi foloko. Agogo athu sankalakwitsa, ankatsata lamulo la chilankhulo chawo mwadongosolo lake.

Tsopano l ndi r

M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi. Malamulo a kalembedwe amati tilembe r pambuyo pa i kapena e, monga mu "mbiri" ndi "bwera", ndipo l malo ena, monga mu "mbale" ndi "gula". Koma wina akanena "mbili" kapena "bwela" tanthauzo silisintha, palibe amene amasokonezeka. Nthawi zambiri timalitchula pomenyetsa nsonga ya lilime kamodzi, mwachangu, kuseri kwa mano akumwamba. Liwu limenelo lili pakati pa l ndi r wa Chingerezi, ndiye mzungu amalimva ngati r pamene amayembekeza l, n'kulimva ngati l pamene amayembekeza r. Ndi mmene long yanga inasandukira wrong.

M'Chingerezi kusiyana kwa awiriwa kuli pa F3. Potchula l, nsonga ya lilime imagunda kuseri kwa mano n'kukhala pomwepo, mpweya n'kumadutsa m'mbali, ndipo F3 imakhala pamwamba, cha m'ma 2500 Hz kapena kuposa. Potchula r wa ku England kapena ku America, lilime siligunda paliponse. Limapindika kapena kufufuma pakati, milomo imazungulira pang'ono, ndipo F3 imagwa mpaka pansi pa 2000 Hz. M'Chichewa kugwa kwa F3 kotere kulibe ntchito iliyonse, choncho ubongo wathu unaphunzira kusakulabadira.

Onjezani foni. Mafoni wamba amadutsitsa ma frequency oyambira pa 300 Hz kulekeza pa 3400 Hz, pamene khutu la wachinyamata limamva kuyambira 20 Hz mpaka 20,000 Hz. Mphamvu yambiri ya s ili pamwamba pa 4000 Hz, ndiye pa foni s ndi f zimafanana. Komanso munthu sakuona milomo yanu. Mantha anga a foni ya m'sitolo aja anali ndi chifukwa chake ndithu.

Khutu linasankha kale muli kumbuyo kwa amayi

Mwina mukufunsa kuti nanga bwanji osangomvetsera bwino n'kutsanzira? Vuto ndi lakuti si lilime lokha limene linazolowera. Khutu nalo, kapena tinene ubongo, linasankha kalekale zoti lizimva.

Mu 1984, Janet Werker ndi Richard Tees ku Canada anayesa makanda a m'mabanja olankhula Chingerezi. Ankawaseweretsa maliwu awiri a Chihindi amene akuluakulu olankhula Chingerezi sawasiyanitsa. Khanda linkaphunzitsidwa kuti liwu likasintha litembenuze mutu, ndipo likatembenuka nthawi yoyenera kachidole kankaonekera n'kuyamba kusewera. Makanda a miyezi 6 mpaka 8 ankasiyanitsa maliwuwo bwinobwino. Ofika miyezi 10 mpaka 12 ambiri anali atasiya. Mu 2006, Patricia Kuhl ndi anzake anachita zofanana ndi "ra" ndi "la" pa makanda a ku America ndi a ku Japan, pakuti Chijapani nacho sichisiyanitsa l ndi r. Pa miyezi 6 mpaka 8 magulu onse awiri ankakhoza mofanana. Pofika miyezi 10 mpaka 12, a ku America anali atapita patsogolo, a ku Japan atabwerera m'mbuyo.

Ndiye kuti inuyo muli pamsana pa amayi anu, akupala nsomba kapena akucheza pa mjigo, ubongo wanu unali kale kalikiliki kuwerenga maliwu amene amamveka kawirikawiri n'kuluka madengu ake. Musanakwanitse chaka, ntchito yambiri inali itatha. Izi sizikukhudzana ndi nzeru. Pulofesa wa ku Tokyo ndi mnyamata wa kwa Mponda ali ndi vuto limodzimodzi pa ray ndi lay.

Nawonso zimawavuta

Tembenuzani nkhaniyi. Tengani kapepala mukagwire patsogolo pa milomo, munene "pala", kenako "phala". Pa "phala" kapepala kauluka, pa "pala" kangoti zii. Chitaninso ndi "kanda" ndi "khanda". Kusiyana kwake ndi kampweya kamene kamatuluka timinofu ta pakhosi tisanayambe kunjenjemera, kanthawi kochepa kosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Inu mumakumva popanda kuganiza. Wolankhula Chingerezi amatulutsa kampweyako nthawi zonse p, t kapena k akakhala koyambirira kwa mawu, ndiye akafuna kunena "kanda" amanena "khanda" osadziwa n'komwe.

Mpatseni "ng'ombe". Liwu la ng' m'Chingerezi lilipo, monga kumapeto kwa sing, koma silikhala koyambirira kwa mawu, ndiye amavutika nalo. Mpatseni "Mponda", mumva "Emponda" kapena "Maponda". Nayenso akuponyapo kaliwu kopondera, ngati ife pa sukulu ndi supuni. Nanga "mtengo" wa mango ndi "mtengo" wa pamsika? Malembo ndi amodzi, koma pa mtengo womera liwu limakwera pa "te", pamene pa mtengo wogulira silikwera. Apa tanthauzo lanyamulidwa ndi frequency ya pakhosi yeniyeniyo, chinthu chimene Chingerezi sichichita pa mawu paokha.

Ngakhale konkuno kwathu nkhani ndi yomweyi. M'Chiyao mulibe z, n'chifukwa chake "zikomo" amakhala "sikomo". Gwiraninso pakhosi munene "ssss" kenako "zzzz". Lilime lili malo amodzi, kusiyana n'kwakuti pa z pakhosi pakunjenjemera. Ambiri mwa inu kunyumba mumalankhula Chiyao, panjira Chichewa, m'kalasi Chingerezi, mwinanso Chiarabu ku madrasa. Amene amakusekani pa z uja, mufunseni kuti iye amadziwa zilankhulo zingati.

Pamene katchulidwe kasanduka chiphaso

Dzina la Wrong Ladder linali nthabwala chabe. Koma mu April 2015 ndinaona mbali ina ya nkhaniyi. Ziwawa zolimbana ndi anthu obwera zinabuka ku Durban n'kufalikira ku Johannesburg. Anthu anaphedwa, ambiri anathawira m'misasa, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Achimwene anandikhazika pansi n'kundiuza kuti: "Iwe, mu taxi foni ikalira usayankhe. Wina akakulankhula, ungogwedeza mutu."

Taxi ya kumeneko ndi minibasi, koma mulibe kondakitala. Ndalama mumapatsirana mpaka zikafike kutsogolo, ndipo ukafuna kutsika umafuula wekha kuti "after robot" kapena "short left". Onani mawu amenewo: r ndi l okhaokha! Madzulo ena ndinafika potsikira panga, pakamwa panauma gwa. Ndinangokhala chete mpaka munthu wina anaimitsa taxi kutsogolo kwambiri, ine n'kutsika naye, n'kubwerera wapansi mumdima. Nkhope yanga sinkasiyana ndi ya wina aliyense m'galimotomo. Chimene chikanandiulula ndi F3 basi.

Mantha amenewa sanali opanda pake. Mu May 2008, ziwawa zinayambira ku Alexandra ndipo anthu 62 anaphedwa m'dziko lonselo. Magulu a anthu ankaimitsa munthu n'kumufunsa kuti chigongono pa Chizulu ndi chiyani. Yankho lake ndi indololwane, mawu amene munthu wongophunzira Chizulu cha pamsewu sakumana nawo kawirikawiri. Wolephera ankamenyedwa. Mwa ophedwawo, 21 anali nzika za South Africa yomweyo, zomwe zikuonetsa kuti kuweruza munthu ndi khutu kapena ndi maso ndi sikelo yabodza. Ngakhale dzina lonyoza lija lakuti makwerekwere, ambiri amati linachokera potsanzira mmene zilankhulo za obwera zimamvekera m'makutu mwa eni dziko.

Mchitidwewu ndi wakalekale. Buku la Oweruza m'Baibulo, mutu 12, limasimba za Agileadi amene ankagwira Aefraimu pa madooko a Yorodano powauza kuti atchule mawu oyamba ndi sh, amene Aefraimuwo ankawatchula ndi s. Mpaka lero pa Chingerezi mawu oyesera munthu kuti adziwike kwawo amatchedwa shibboleth. Agogo athu amene ankapita ku migodi pa Wenela ndi Theba anapeza njira ina: kumeneko kunali Fanagalo, chilankhulo chosakaniza cha pantchito chimene aliyense ankachilankhula ndi lilime la kwawo.

Wolakwa ndi wolankhula yekha?

Kumvana ndi ntchito ya anthu awiri. Mu 1992, Donald Rubin ku America anaseweretsa ophunzira a ku yunivesite mawu a mphunzitsi wobadwira ku America konko. Gulu lina analionetsa chithunzi cha mayi wachizungu, gulu lina chithunzi cha mayi wa ku Asia, koma tepi inali imodzi yomweyo. Amene anaona nkhope ya ku Asia anati akumva katchulidwe kachilendo, ndipo anakhoza mochepa atafunsidwa zimene anamva. Mafunde ofika m'khutu anali ofanana ndendende. Chinasintha ndi zimene ubongo unkayembekeza.

Akatswiri ena awiri a ku Canada, Murray Munro ndi Tracey Derwing, anaonetsa mu 1995 kuti kukhala ndi katchulidwe kachilendo kwambiri n'kosiyana ndi kusamveka. Munthu akhoza kumveka kuti ndi wobwera kuyambira liwu loyamba, koma omvera n'kulemba molondola mawu onse amene wanena. Ndipo palibe munthu wopanda accent. Wa ku London ali nayo, wa ku Lagos ali nayo, bwana wanga uja anali nayo yake, moti masabata oyamba yes wake ndinkamumva ngati "yis". Timangoti munthu alibe accent ngati akulankhula mofanana ndi ife.

Kodi katchulidwe kamasintha?

Kamasintha, ngakhale mwa munthu wamkulu. Mu 2000, Jonathan Harrington ndi anzake anayeza ma formant m'mauthenga a Khirisimasi a Mfumukazi Elizabeth II, kuyerekeza a m'ma 1950 ndi a m'ma 1980. Anapeza kuti maliwu ake anali atasunthira kufupi ndi a anthu wamba a kumwera kwa England. Ngati mfumukazi inatengera kwa anthu ake, musadabwe achimwene anu akabwera pa Khirisimasi kapena pa Eid akuti "eish" ndi "neh" pa chiganizo chilichonse. Ena amachita dala kuti tiwaone, inde, koma kwa ambiri lilime linangotsata anthu amene amakhala nawo. Zomvetsa chisoni n'zakuti kunja amawaseka kuti ndi obwera, akafika kuno timawasekanso kuti akudzimva.

Khutu nalo limaphunzitsika. Ku Indiana University m'zaka za m'ma 1990, akatswiri anaphunzitsa akuluakulu a ku Japan kusiyanitsa r ndi l powamvetsera mawu awiriawiri ngati rock ndi lock, otchulidwa ndi anthu osiyanasiyana, n'kumawauza nthawi yomweyo ngati akhoza kapena alakwa. Patapita masabata ochepa anayamba kumva kusiyanako bwino kuposa kale, ndipo katchulidwe kawo komwe kanawongokerako, ngakhale kuti ankangophunzira kumva. Ndiye dongosolo lake ndi ili: khutu poyamba, lilime pambuyo.

Ine malangizo anga ndi awa. Musataye nthawi kufuna kumveka ngati wowerenga nkhani pa BBC. Limbanani ndi malo ochepa amene amasintha tanthauzo: long ndi wrong, glass ndi grass, ship ndi sheep, fifteen ndi fifty. Lankhulani modekha. Munthu akapanda kumva, bwerezani ndi mawu ena m'malo mokhala chete. Ine ndikanangoti "the tall one" tsiku lija, bwenzi nkhani itathera pomwepo. Chimene chinandibweza m'mbuyo ku Joni si l kapena r ayi, koma miyezi imene ndinakhala ndikuloza ndi chala. Pa miyezi imeneyo Chingerezi changa sichinakule ngakhale pang'ono.

Lachisanu nditaweruka ndinamuitana mnyamata uja. Pa laputopu yanga ndili ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Praat, yopangidwa ndi Paul Boersma ndi David Weenink a ku yunivesite ya Amsterdam, imene imajambula ma formant a mawu. Tinajambula ray wake ndi lay wake, mizere ya F3 inatuluka yofanana. Ndinamuuza kuti abweze lilime pang'ono lisagunde paliponse, azungulitse milomo. Ulendo wachisanu ndi chimodzi mzere uja unagwa pansi, iye n'kuuona ndi maso ake. Anandifunsa kuti: "Sala, ndiye kuti ndikhoza kumaona mawu anga?" Ndinati eya. Pa light akuvutikabe, ndipo ine ndemwe ndikatopa long yanga imathawirabe ku wrong. Ngati adzakwezenso mkono Lolemba, tidzaona.

Ntchito yanu

Choyamba, njira ya mawu ya mayi wina ndi yaitali masentimita 14. Poitenga ngati paipi yotseka mbali imodzi, ndi liwiro la 340 m/s, pezani F1, F2 ndi F3. Chitaninso ndi mwana amene njira yake ndi masentimita 10. Mukuona chiyani paipi ikamafupika?

Chachiwiri, mumpweya wa helium phokoso limathamanga pafupifupi katatu kuposa mumpweya wamba. Fotokozani chimene chingachitikire ma formant a munthu ngati m'kamwa mwake mutadzaza helium. Ili ndi funso la papepala lokha, osakayesa, chifukwa kupuma helium kumatha kupha munthu.

Chachitatu, pezani botolo lagalasi lopanda kanthu. Uzirani pakamwa pake mpaka lilire, kenako thiranimo madzi pang'onopang'ono mukuuzirabe. Kulira kukukwera kapena kukutsika? Zikufanana bwanji ndi zimene lilime limachita m'kamwa?

Chachinayi, khalani awiriawiri. Wina atembenuke, mnzake atchule mawu amodzi mwa awa mosatsata ndondomeko: ray, lay, right, light, grass, glass. Womvera alembe zimene wamva. Chitani maulendo 20, muwerenge zokhoza, musinthane. Bwerezani tsiku lililonse kwa sabata imodzi, mujambule girafu ya zokhoza zanu.

Lolemba bwerani ndi mabotolo anu ndi mayankho. Ndipo lamulo latsopano mu Fomu 3 ndi ili: aliyense woseka mnzake pa katchulidwe adzabwera kutsogolo, choko m'manja, kudzatifotokozera F3 pa bolodi.